KODI FARAO ANAPITA NDI AZUNGU?

Anzathu anchito a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi kwa George, tamverani.

Pa 29 Disembala 1991 President Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analembedwa kuciyambi kwa malamulo aakulu a dziko. Ife sitikutsutsa. Macalici adzaza m'makomboni mwathu, ena m'makalasi a sukulu, ena m'matenti. Koma wonyamula Baibulo wanyamula mboni, ndipo mboni imeneyi sidziwa kunyengerera munthu. Tiyeni tiifunse za kupondereza osauka.

Makolo athu nkhani ya Farao anali kuidziwa bwino, pakuti anali kukhalamo. Pa Eksodo mutu 5 Farao aleka kupatsa Aisrayeli udzu woumbira njerwa, koma ciwerengero ca njerwa sacepetsa, ndipo anthu atadandaula iye awanena kuti ndi aulesi. Lusaka anasanduka likulu la dziko mu 1935, womangidwa ndi manja a anthu akuda, koma omangawo anawerengedwa ngati alendo. Munthu anali kuyenda ndi citupa, nyama nagulira pa kazenera ka kumbali kwa sitolo. Amene anasowa nyumba ku Matero kapena ku Chilenje anali kulipira kwa eni mafamu kuti aimike kanyumba ka dothi, ndiye cifukwa cace mpaka lero timati kwa George, kwa John Laing, kwa John Howard. Masiku amenewo kulalikira Eksodo kunali kwapafupi. Farao tinali kumdziwa dzina, Roy Welensky, ndi kwao komwe, ku Salisbury.

Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ufulu unafika pa 24 Okutobala 1964, ndipo ambiri a ife tinatseka buku pomwepo. Tsegulaninso. Farao ali ndi mitu yowerengeka cabe. Kuyambira pamenepo aneneri aloza cala ana a Israyeli eni ace. Solomo, mwana wa anthu amene anathawa ukapolo, anagwira amuna 30,000 a mtundu wace cibalo. Ahabu, mfumu ya Israyeli, anatenga munda wa Naboti mwini munda ataphedwa ndi mboni zonama. Amosi sanapite ku Aigupto kukadzudzula, anapita ku Beteli kumene anthu ace anali kupembedza, nawanena za miyeso yonyenga ya pamsika. Baibulo silifunsa khungu la wopondereza. Lifunsa cimene ali naco m'manja, ndi mwini wace wa cinthuco.

Ndipo onani kuti Mulungu sanena za kupondereza monga cinthu ca m'mitambo. Amachula malipiro, cikole, munda, nyumba.

Za malipiro, Deuteronomo mutu 24 ulamula kuti waganyu wosauka alandire zace tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo mutu 5 anena kuti ndalama zomanidwa anchito zimalira mpaka Mulungu amva. Mu Januwale 2024 Boma linaika K1,300 pa mwezi monga malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba. Caka comweco bungwe la JCTR, limene limawerenga mitengo ya zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, linapeza kuti mtengo wapitirira K10,000 pa mwezi. Werengani nokha. Mai wa ku Mtendere amene amalawira m'bandakuca wapansi kupita ku Kabulonga kukacapa, dona akamuuza kuti abwere sabata la mawa cifukwa ndalama palibe, kumeneko si kucedwa cabe iai. Baibulo limati ndi cimo.

Koma tisafulumire kuloza kumayadi kokha. Ndani mwa ife sadziwa nyumba ya m'komboni momwe muli kamtsikana kotengedwa ku Petauke kapena ku Katete, kolonjezedwa sukulu, kamene zaka zitatu zapita kali kutunga madzi ndi kulera ana, kosaona kalasi kapena ngwee?

Za cikole, lamulo la Mose lifika mpaka pa zazing'ono. Wokongoza asatenge mphero ya mnzace, pakuti ndiyo imdyetsa. Akatenga copfunda acibweze madzulo, kuti mwini wace asagone ndi mphepo. Asalowe ngakhale m'nyumba ya wokongola kukasankha cikole, aime panja. Tsopano yang'anani kaloba. Munthu wakongola K500 mwana atadwala, pakutha pa mwezi afunika K750, ndipo wokongoza wasunga NRC yace, khadi lace la kubanki, kapena makina osokera amene amadyera. Imeneyo ndiyo mphero. Wokongozayo si mzungu. Timakhala naye benci limodzi pa Sondo, mwinanso ndiye msungi wa cuma ca mpingo. Nehemiya mutu 5 ndi nkhani yomweyi: Ayuda obwera kucokera ku ukapolo anali kulanda minda ya abale ao cifukwa ca ngongole, mpaka ana aakazi kutengedwa ukapolo. Nehemiya anaitana msonkhano waukulu, nawauza abweze minda ndi nyumba tsiku lomwelo, nawalumbiritsa pamaso pa ansembe.

Tinenenso za madzi, pakuti apa mlandu uli kwa olamulira, a zipani zonse zimene zakhala pampando. Kanyama wakhala pa mwala, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira m'zitsime. Cigumula ca 1978 cinagwetsa nyumba kumeneko, aliyense anaona. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, pofika Januwale 2018 Boma linatumiza asilikali, linacotsa ogulitsa m'miseu, linaletsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku. Inabukanso mu Okutobala 2023, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Nthawi zonse timamva mau amodzimodzi, akuti anthu a m'komboni ndi auve. Kusamba m'manja nkwabwino, tisambe ndithu. Koma kulamula ukhondo kwa munthu amene sunampatse mpopi kapena ngalande, ndi kufuna njerwa popanda udzu, ndi kumnena ulesi pamwamba pace.

Cimene citiwawa koposa ndi ca amasiye, cifukwa ici sitinganamizire Boma kapena bwana. Mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye Baibulo liwachula kuyambira Eksodo mpaka kalata wa Yakobo. Pa Eksodo mutu 22 Mulungu acenjeza kuti wowasautsa, mkazi wace yemwe adzasanduka wamasiye. Yesu pa Marko mutu 12 anadzudzula alembi amene anali kutalikitsa mapemphero uku akumaliza cuma ca akazi oferedwa. Nanga ife? Mwamuna wamwalira ku Chawama. Abale ace, amene sanabwere ndi botolo la madzi lomwe pamene anali kudwala, afika pa basi ndi masaka opanda kanthu. Usiku aimba nyimbo za Mulungu mpaka mbandakuca. Maliro ataikidwa ayamba kufunsa makiyi, mapepala a nyumba, firiji, matilesi. Mai amene anaumba nao mabuloko a nyumbayo atuluka ndi ana ndi mapoto awiri, ndipo ife anansi tiima pa mpanda kupenyerera, tikuti ndi za pabanja.

Si za pabanja. Dziko lino liri ndi lamulo la 1989, Intestate Succession Act, lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo. Pa magawo 100, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kudalira iye 10. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo mai ali ndi ufulu wokhalamo moyo wace wonse pokhapokha atakwatiwanso. Woyang'anira cuma, amene timati adiministireta, si mwini cuma iai. Nchito yace ndi kugawa monga mwa lamulo, ndipo akadya ali ndi mlandu.

Tsono tikupempha abusa ndi akulu a mipingo: pa 18 Okutobala, tsiku la mapemphero a dziko limene linaikidwa mu 2015, werengani Nehemiya mutu 5 wonse, ndipo a kaloba a mumpingo mwanu muwaitane kutsogolo abweze makhadi a anthu. Inu amai a cigwirizano ndi a Dorika, amene mumaphika pa maliro onse, musacoke mbale zikatsukidwa. Khalani pomwepo pa nthawi ya kugawa katundu, mmodzi wa inu anene magawo aja mokweza kuti onse amve. Akakana, mperekezeni mai wamasiyeyo ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, katundu asanakwere basi.