Tibwezereni ndime 64 ya malamulo a dziko lino

Ndikulemba kuchokera kuno kwa Mwambo, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mawu angawa akupita kwa anzanga akumudzi, kwa mafumu athu, ndiponso kwa abusa, ansembe ndi mashehe amene timawamvera sabata ndi sabata. Dandaulo langa ndi limodzi. Ife anthu ovota tili ndi mphamvu yolemba phungu ntchito, koma tilibe mphamvu yomuchotsa akalephera ntchitoyo. Mphamvu imeneyi inalimo m'malamulo a dziko lino, ndipo amene anaichotsa ndi aphungu eni ake.

Achikulire anzanga akukumbukira kumene tachokera. Kuyambira 1966 dziko lino linali la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo anthu anayamba kunena poyera zimene ankangonong'onezana. Pa 14 Juni 1993 tinasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, nyali n'kupambana. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anasankhidwa kukhala pulezidenti, ndipo dziko linalandira malamulo atsopano.

Malamulo amenewo anagawa mphamvu za boma patatu: pulezidenti ndi nduna zake, Nyumba ya Malamulo, ndi makhoti. Koma amene anawalemba anadziwa kuti munthu wa ku Jali kapena ku Kachulu sangafike ku likulu kukaonana ndi nduna. Choncho anaikamo zinthu zitatu zoti munthu wamba azigwira nazo atsogoleri ake pakati pa chisankho china ndi chinzake. Choyamba chinali ndime 64, chachiwiri nyumba yachiwiri ya malamulo yotchedwa Seneti, chachitatu makhonsolo okhala ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Tiyeni tione zimene zinachitika ndi zitatuzi.

Ndime 64 inkanena kuti anthu a m'dera angathe kuitanitsa chisankho chapadera ngati sakukhutira ndi phungu wawo. Sizinali zongodzuka m'mawa n'kuchotsa munthu ayi. Wodandaula anayenera kukhala wolembetsa m'kaundula wa dera lomwelo, ndipo anayenera kuonetsa ku bungwe loyendetsa chisankho kuti theka la anthu onse olembetsa, kapena kuposerapo, likufuna kuti mpandowo upikisanidwenso. Aphungu anaichotsa ndimeyi mu 1995 isanagwire ntchito ngakhale kamodzi. Kodi munamvapo waganyu amene amati akalandira khasu ndi malipiro, n'kupangana ndi anzake kuti mwini munda asabwere kudzaona mizere mpaka zaka 5 zitatha? Chaka chomwecho cha 1995 nyanja yathu ya Chilwa inaphwa. Nyanja ija inadzazanso, matemba anabwerera, koma ndime 64 sinabwerere.

Seneti inayenera kukhala ndi anthu 80. Boma lililonse likanatumiza munthu mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo, ndi mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake. Mipando ina 32 inali ya oimira amayi, olumala, alimi, aphunzitsi, a zaumoyo, a zamalonda, mabungwe a anthu apantchito ndi a zipembedzo. Ntchito yake inali kuunikanso malamulo ochokera kwa aphungu. Nyumba imeneyi sinakumanepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 aphungu anaifafaniza m'malamulo. Chifukwa chimene chinamveka kwambiri chinali chakuti ndalama zoyendetsera nyumba ziwiri palibe. Koma taonani, Bambo Mkonzi: mu 1994 aphungu anali 177, mu 1999 anafika 193, ndipo pa chisankho cha 2025 mipando inakwana 229. Ndalama zoonjezera mipando ya aphungu zimapezeka, za mpando wa mfumu ndi mlimi ndizo zinasowa.

Za makhansala ndiye zomvetsa chisoni. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998 ndi lonjezo lakuti mphamvu zipita ku anthu. Chisankho cha makhansala chinachitika mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe kufikira 2014. M'zaka zimenezo munabwera thumba la chitukuko cha m'madera, lija timati CDF, mu 2006. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo kuti iwonso azivota m'makhonsolo. Phungu, amene ntchito yake ndi kupanga malamulo ndi kuyang'anira mmene boma likuwonongera ndalama, anasanduka womanga milatho ndi midadada ya sukulu. Nanga womanga akakhala yemweyo woyang'anira, adzafunsa mnzake ndani simenti ikasowa? Mu 2025 khoti linagamula kuti zoti aphungu azivota m'makhonsolo ndi kulowerera pa kayendetsedwe ka thumbali n'zosemphana ndi malamulo a dziko lino. Zinatengera khoti kuti linene zimene munthu wakumudzi anaziona kalekale.

Zotsatira zake timaziona ndi maso kuno kwathu. Moyo wa kwa Mwambo wagona pa madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, n'chifukwa chake inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ouma. Mvula ikachuluka, monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, vuto limakhala la madzi osefukira. Mlimi wa mpunga wa m'mbali mwa Likangala amafuna ngalande zokonzedwa madzi asanafike. Msodzi wogona pa chimbowera pakati pa nyanja amafuna madzi abwino akumwa kuti kolera isamupeze. Mayi wa pakati amafuna msewu woti galimoto idutse m'dzinja. Zonsezi sizidikira zaka 5. Koma m'madera ambiri m'dziko muno phungu akangolumbira amasamukira m'tauni, n'kudzaonekanso ndi nsalu ndi malaya a chipani chisankho chikayandikira. Amadziwa kuti palibe chimene mungamuchite.

Ena anena kuti ndime 65 ilipo, ija yoti phungu wochoka m'chipani chake kupita ku china ataye mpando. Inde ilipo, koma fungulo lake lili m'manja mwa Sipikala ndi makhoti. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, mkangano unakula mpaka kuchedwetsa ndondomeko ya chuma cha dziko, koma aphunguwo anakhalabe m'mipando yawo mpaka chisankho cha 2009. Ndime 65 imateteza chipani. Ndime 64 ndiyo inkateteza wovota.

Enanso akuti ndime 64 ingabweretse chisokonezo, chifukwa amene wagonja pa chisankho angamasonkhezere anthu, ndipo zisankho zapadera zimadya ndalama zambiri. Mantha amenewa sindikuwanyoza, pakuti nsanje ilipodi pakati pathu. Koma kusonkhanitsa theka la anthu onse olembetsa m'dera si masewera. Phungu wogwira ntchito sangadedwe ndi anthu ochuluka chotero chifukwa cha miseche yokha. Ndiponso lamulo lingathe kumangidwa mpanda: phungu asakhudzidwe m'zaka ziwiri zoyambirira kapena m'chaka chomaliza, dandaulo lisapitirire kamodzi pa nthawi yake yonse, ndipo maina ndi zidindo za zala zitsimikizidwe ndi bungwe loyendetsa chisankho. Anzathu a ku Kenya anaika ufulu wochotsa phungu m'malamulo awo a 2010, ndipo dziko lawo silinagwe chifukwa cha ndime imeneyo.

Pali ena oganiza kuti anthu akumudzi sangathe kugwiritsa bwino ntchito mphamvu yotere chifukwa sukulu inawachepera. Amenewo abwere adzafunse zimene zinachitika nyanja itaphwa mu 1995. Nsomba zotsala zinathawira m'maiwe a mitsinje yothira mu Chilwa. Mafumu, asodzi ndi alangizi a zansomba anagwirizana zoteteza maiwewo, analetsa kupha nsomba ndi katupe, ndipo anakhazikitsa makomiti oyang'anira. Madzi atabwerera, mbewu ya matemba, makumba ndi milamba inalipo. Anthu amene anatha kudziletsa pa nthawi ya njala kuti nsomba zisathe, angalephere bwanji kusiyanitsa phungu wolimbikira ndi waulesi?

Amalawi taonetsa kale kuti pamwamba timatha kugwira atsogoleri. Mu 2002 mipingo ndi mabungwe anakana zoti pulezidenti alamulire kupitirira maulendo awiri, ndipo ganizolo linagwa m'Nyumba ya Malamulo. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Mu Juni 2020 anthu anasankha a Lazarus Chakwera, ndipo mu Sepitembala 2025 anthu omwewo anabwezeretsa a Peter Mutharika. Ngati tikutha kusintha pulezidenti mwamtendere, n'chifukwa chiyani phungu yekha akhale wosakhudzika?

Vuto ndi lakuti kusintha malamulo a dziko kumafuna mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo munthu sadzisemera yekha chikwapu. Sadzachita zimenezi mwa kufuna kwawo pokhapokha atakakamizidwa. Apa ndipo ndikupempha inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Munatitsogolera mu 1992, munatitsogoleranso mu 2002. Phunzitsani akhristu ndi asilamu anu kuti ndime 64 inali chiyani ndipo inachoka bwanji. Inu mafumu, wandale aliyense wofika pabwalo lanu mufunseni pamaso pa anthu ngati adzavomereze kuti ndimeyi ibwerere, ndipo yankho lake lilembedwe m'buku la mudzi. Inu anzanga akumudzi, nkhaniyi tiikambe m'makomiti a chitukuko, m'makalabu a alimi ndi pa madoko, osati kungodandaulira pamaliro. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwa inu olemekezeka aphungu, amene mukugwira ntchito yanu mokhulupirika mulibe chifukwa choopera ndime 64. Amene akuiopa akudziwa okha chimene akuopera.



Mlimi Wodandaula,
Mwambo, Zomba.