Misozi ya m'malire ikusowa woilemba

Munthu akafika pa Lizulu amaona mbatatesi, kabichi ndi tomato zili mbwee mbali zonse za msewu wa M1, uku Malawi, tsidya linalo Mozambique. Ambiri mwa achinyamata ogulitsa pamenepo sadziwa kuti m'zaka za m'ma 1980 anthu ankadumpha msewu womwewu, mwana kumbuyo kamtolo pamutu, kuthawa nkhondo.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idayamba mu 1977 ndipo idatha pa 4 October 1992 pomwe Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasainirana pangano la mtendere ku Rome. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa. Pofika chaka chimenecho dziko la Malawi lidali likusunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo madera a Tsangano, Biriwiri ndi Lizulu m'boma la Ntcheu adalandira khamu lochokera ku Angonia.

Ziwerengerozi zili m'mabuku a mbiri ndi m'malipoti a bungwe la UNHCR. Koma lipoti silinena za mayi amene adathawa osaika maliro a mwamuna wake, osameta, osadziwa ngakhale pomwe mafupa ake adagona. Silinena za banja la kuno lomwe lidagawana nkhokwe imodzi ndi alendo khumi, kapena za manda a ana omwe adatsala kuno makolo awo atabwerera kwawo nkhondo itatha.

Apa ndiye pofunika alembi a nkhani zopeka. Nkhani yopeka yotsamira pa mbiri imatenga zinthu zomwe zidachitikadi nkuziika m'nyumba ya banja limodzi. Wowerenga amakhala nawo pamkeka, kumva njala yawo, kudikira nawo mwana amene adatengedwa ndi asilikali.

Ku Mozambique adayamba kale. Mu 1992 Mia Couto adatulutsa buku la Terra Sonâmbula, lonena za mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir omwe adabisala m'basi yopserera, namawerenga makope omwe adawapeza pafupi ndi mtembo. Koma bukulo adalilemba m'Chipwitikizi, ndipo gogo wa ku Tsangano amene adaiona nkhondoyo ndi maso sangalimve. Chonsecho othawa ambiri a ku Angonia ankayankhula Chichewa chomwechi, ena adali Angoni apachibale ndi eni mudzi. Nkhani yawo ikuyenera kulembedwa m'chiyankhulo chomwe ankalirira maliro awo.

Ena anganene kuti kulemba zoterezi nkutosa mabala omwe adapola. Mawuwa ngomveka, chifukwa alipo anthu omwe safuna nkomwe kukumbutsidwa. Komatu apa mpomwe nkhani yopeka imaposa mbiri. Mlembi amasintha maina ndi midzi, kotero palibe amene amalozedwa chala, koma woferedwa amadziona yekha m'nkhaniyo nkuzindikira kuti sadali yekha.

Enanso angati zopeka zimapotoza mbiri. Zimaterodi ngati mlembi ndi waulesi. Wofuna kulemba za nthawiyi ayambe wakhala pansi ndi akuluakulu, afunse momwe chakudya chinkagawidwira, nyimbo zomwe zinkaimbidwa pamaliro, ndi momwe maukwati a eni mudzi ndi alendo ankayendera. Zaka ndi malo zikhale zoona, anthu okha ndiwo akhale opeka.

Luso lotere silachilendo kuno. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo, buku lomwe lidatuluka mu 1933, ndipo kudzera mwa munthu mmodzi wopeka adasunga moyo wa m'midzi ya Achewa womwe lero udatha.

Vuto ndi nthawi. Mayi amene adadumpha msewu ndi mwana kumbuyo mu 1986 lero ndi gogo, ndipo anzake ambiri adatsikira kulichete. Aliyense akamapita amapita ndi nkhani yake.

Choncho aphunzitsi a Chichewa, a bungwe la alembi la Malawi Writers Union ndi osindikiza mabuku achitepo kanthu. Nawo makolo asadikire alembi. Madzulo akatha kudya, awauze ana za alendo omwe adagona m'khitchini mwawo zaka zija. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana amene wamva momwe nkhondo imapasulira banja sangaiyitane mwamasewera.