"Inde Bwana" Sakonza Kompyuta

Anzanga, patchuthi chapitachi ndidakaphunzira ntchito pa kampani ina ya zamakompyuta mu Blantyre. Tsiku lina ndidapeza cholakwika m'pulogalamu yoŵerengera malipiro. Nditauza wondiyang'anira, adandikokera pambali nati, "Pulogalamuyo adalemba ndi abwana. Kalata yabwino ukuifuna kapena ayi?" Ndidatseka pakamwa. Pakutha pa mwezi, antchito a kasitomala wathu adalandira ndalama zopereŵera.

Tsiku lomwelo, pobwerera kwathu ku Ndirande, ndidaima pa benchi ya okonza mafoni mumsika. Kamnyamata kophunzira ntchito kadauza mwini benchi kuti, "Achimwene, vuto si batire ayi, ndi poloŵera chaja." Mkuluyo adayesa, naona kuti nzoona, naseka. Foni idayaka. Tandiuzani: pa malo aŵiriŵa, luso lingakule pati?

Timauzidwa kuti makampani otchuka amapambana chifukwa cha ndalama ndi makina. Bodza! Mu 2007 Nokia inkagulitsa pafupifupi mafoni 4 mwa 10 aliwonse padziko lonse. Ndalama idali nazo, mainjiniya idali nawo. Koma ofufuza adapeza pambuyo pake kuti mamanijala apakati ankaopa kuuza akuluakulu kuti Symbian, pulogalamu yoyendetsa mafoni awo, singapikisane ndi iPhone. Mu 2014 nthambi ya mafoni idagulitsidwa kwa Microsoft. Mantha adaidya ngati chiswe. Pomwe Hewlett-Packard, imene idayambira m'galaja mu 1939, idakula ndi mwambo wakuti khomo la bwana likhale lotsekula kwa wantchito aliyense.

Ena munena kuti ndikunyoza ulemu wa makolo athu. Iyayi. Ulemu ndi kugwada popereka madzi kwa agogo. Koma kuona moto utagwira nyumba yawo nkukhala duu, poopa kuŵadula mawu, umenewo si ulemu. Makolo omwewo adati mutu umodzi susenza denga.

Ndipo matendaŵa amayambira m'kalasi muno. Ndi angati mwa ife adalozapo cholakwika pa bolodi osaopa kulepheretsedwa mayeso? Inu aphunzitsi athu, mukamatikalipira chifukwa chofunsa, dziŵani kuti mukutumiza ku maofesi a ku Ginnery Corner ndi Victoria Avenue anthu a madigiri odziŵa mawu aŵiri okha: "Inde bwana."

Ine kalata yabwino ija ndidailandira, ili m'sutikesi. Ndikaiyang'ana ndimakumbukira mabanja amene adapereŵedwa ufa mwezi umenewo chifukwa cha kukhala chete kwanga. Sindidzagulanso kalata pamtengo wotero.