Mutu wa mtsikana si wa mtsuko wokha

Mjigo wa pamudzi ukafa, amavutika ndani? Amavutika ndi amayi ndi atsikana. Iwo ndiwo amadzuka tambala woyamba, kusenza mitsuko ndi ndowa, kutsetserekera kudambo kukatunga madzi amatope. Nanga amakonza mjigowo ndani? Tonse timakhala pansi kudikira mwamuna wocokera kuboma. Timadikira sabata, timadikira mwezi. Pamene nthawi zambiri cimene cafa ndi kamphira kakang'ono kamene katha m'kati mwa paipi. Munthu wodziwa, ali ndi sipanala m'manja, angathe kukasintha tsiku lomwelo.

Tiyeni tidzifunse. Mtsikana amapopa mjigo tsiku ndi tsiku. Amadziwa kulira kwake ukakhala bwino, amadziwanso kulira kwake ukayamba kudwala. Cifukwa ciani sitimlola kudziwa za m'kati mwake? Analamula ndani kuti iye azisenza madzi, sipanala azigwira wina?

Ife tikuti: mwana wamkazi aphunzire masamu. Aphunzire sayansi. Aphunzire za makina, za magetsi, za nthaka, za mankhwala ndi za kompyuta. Akhale injiniya, akhale dotolo, akhale mlangizi wa ulimi, akhale makaniko. Amene akumtsekera njira akulakwira mwanayo, akulakwira mudzi, akulakwira dziko.

Tikumbukire kumene tacokera

Atsamunda acipwitikizi anafuna mikono yathu pa cibalo ndi m'minda ya thonje. Mitu yathu sanaifune. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse m'Moçambique sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Apwitikizi ambiri amene ankayendetsa makina, njanji ndi zipatala anacoka. Dziko linatsala ndi mainjiniya ndi madotolo owerengeka. Mu 1978 boma linayambitsa nchito yaikulu yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga m'dziko lonse.

Ife a m'kalasi lino tikudziwa kuwawa kwa umbuli. Ena tinamanidwa sukulu ndi atsamunda, ena ndi nkhondo imene inatha mu 1992, ena ndi umphawi. Tadinda cala pa pepala osadziwa zimene zalembedwapo. Tsono ife amene tinamanidwa, kodi tidzamananso ana athu aakazi? Mtsamunda ankati munthu wakuda alibe mutu wa masamu. Lero bambo akanena kuti mkazi alibe mutu wa masamu, akulankhula ndi pakamwa pa mtsamunda.

Ena amati: masamu ndi olimba, ndi a amuna

Limeneli ndi bodza. Amayang'ana nkhokwe ndani, n'kudziwa ngati cimanga cidzafika mwezi wa Febuluwale? Ndi amayi. Amenewo ndi masamu. Amasankha ndani zisononkho zabwino za mbeu n'kuzipacika pa utsi kuti anankafumbwe asalowe? Amaceza ndani cidulo ca phulusa kuti therere lifewe? Amadziwa ndani masiku amene cimera cimamera, kapena moto woyenera kuti mbiya isasweke poocha? Ndi amayi. Kuyesa, kuyang'anitsitsa, kukumbukira ndi kuyesanso: pamenepo ndi pamene sayansi imayambira. Sukulu imangoonjezera manambala, maina ndi zifukwa zake.

Pa nkhondo ya ufulu panalinso amuna amene ankati mkazi sangagwire mfuti. Mu 1967 FRELIMO inakhazikitsa gulu la asilikali aakazi, Destacamento Feminino. Josina Machel ndi anzake anatseka pakamwa amunawo. Ndiye timamkumbukira pa 7 Epulo caka ndi caka. Dzanja limene linagwira mfuti lingalephere sipanala?

Taonani Luísa Diogo, mwana wa cigawo ca Tete. Anaphunzira za cuma, maphunziro odzala ndi masamu. Anakhala nduna ya za cuma, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2010 anali nduna yaikulu ya dziko lino, mkazi woyamba pa udindo umenewo. Taonani Lídia Brito, injiniya wa za nkhalango. Mu 2000 anakhala nduna yoyamba ya maphunziro apamwamba, sayansi ndi luso la makina. Taonani Maria Andrade wa ku Cabo Verde, amene wagwira nchito zaka zambiri m'Moçambique kukonza mitundu ya mbatata yofiira m'kati. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A amene amateteza maso a ana ndi kulimbitsa thupi. Mu 2016 iye ndi anzake atatu analandira mphoto yaikulu ya dziko lapansi pa nkhani ya cakudya. Amene mwabzala mbatata yofiira m'kati, mwabzala nzeru za mkazi wa sayansi.

Ena amati: adzakwatiwa, phindu lidzapita kwa eni

Mwana si mbuzi yoti tiziwerengera phindu lake pa msika. Komabe tiyeni tiwerengere. M'midzi yambiri ya kwathu, mwana wamwamuna ndiye amacoka kukakhala mkamwini kwa eni. Wamkazi amatsala pa mbumba. Ndiye amasunga makolo akakalamba, ndiye amalera ana a pamudzi. Tsono tikuphunzitsa wocoka, kusiya wotsala! Ngakhale kumene mkazi amapita kwa mwamuna, nzeru zake sizitsala pa citseko. Namwino amaciza aliyense, mlatho umaolotsa aliyense.

Ukwati suthawa. Cimene cimathawa ndi nthawi ya sukulu. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Wokwatira mwanayo ali ndi mlandu, kholo lopereka mwanayo lili ndi mlandu. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi, aphunzire mpaka kalasi 9. Malume amene amalandira ndalama za mkamwini, mtsikana ali kalasi 6, wagulitsa injiniya pa mtengo wa nkhuku.

Ena amati: sukulu imaononga atsikana, amabwerako ndi mimba

Mantha amenewa si opanda pake. Alipo amuna amene amanyenga ana a sukulu ndi ndalama ndi mafoni. Alipo ngakhale aphunzitsi ena amene amagulitsa mamalikisi ndi thupi la mwana. Koma fisi akalowa m'khola, sitilanga mbuzi. Timathamangitsa fisi. Wolakwa ndi mwamunayo. Tikamnene kwa akulu a sukulu, kwa komiti ya makolo, kwa amfumu ndi kwa apolisi. Tisamalize mlandu wotere ndi thumba la cimanga kuseri kwa nyumba.

Ndipo mtsikana akatenga mimba, mutu wake sunafe. Kale lamulo la 2003 linkatumiza atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku, ndipo ambiri ankasiyira pomwepo. Lamulo limenelo linacotsedwa mu 2018. Mwanayo apitirize sukulu masana pamodzi ndi anzake. Akacira, agogo agwire khanda, mayi abwerere m'kalasi.

Ena amati: sukulu zake zili kutali, ku Maputo

Kale zinali conco. Lero ku Songo kuli sukulu yapamwamba yophunzitsa uinjiniya wa magetsi ndi wa madzi. Mu mzinda wa Tete muli ina yophunzitsa uinjiniya wa migodi. Ku Ulónguè, m'boma la Angónia, UniZambeze imaphunzitsa sayansi ya ulimi. Ku Unango, m'cigawo ca Niassa, UniLúrio imaphunzitsanso za ulimi.

Nchito nazonso zili pakhomo pathu. Damu la Cahora Bassa, limene linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi kuyambira 1969 mpaka 1974, lili ndi makina aakulu 5 opanga magetsi. Magetsi ake amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa. Mu 2007 Moçambique inatenga gawo lalikulu la umwini wa damuli m'manja mwa Portugal. Ku Moatize kuli malasha, ndipo sitima zimawanyamula kupita kunyanja. Koma kukhala mwini wa cinthu cimene sudziwa kuyendetsa ndi umwini wa pakamwa cabe. Tikasiya atsikana kumbuyo, tataya theka la mitu ya dziko. Ndani amalima munda ndi dzanja limodzi, lina atalimanga kumsana?

Ticite ciani?

Cimene cimagwetsa mtsikana pa masamu si mutu wake. Ndi mtsuko, nkhuni, mtondo ndi mwana wa kumsana. Mnyamata akaweruka ku sukulu amapeza nthawi. Mlongo wake amapeza nchito. Akamaliza kutsuka mbale, kwada, maso alemera. Mawa akalephera mayeso timati: mwaona, akazi alibe mutu!

Tsono tiyambe lero, pakuti m'mera mpoyamba.

Tigawe nchito za pakhomo mofanana. Mnyamata atunge madzi, atole nkhuni. Sadzasanduka mkazi.

Tipatse mtsikana ola limodzi tsiku lililonse, kusanade kapena pa nyale, loti awerenge popanda womtuma.

Tizipempha kuona kope lake la masamu. Ife tayamba kudziwa manambala, tiwerengere naye pamodzi.

Abambo, pokonza njinga, wailesi kapena sola, muitaneni mwana wamkazi. Mpatseni sipanala agwire.

Pogulitsa cimanga, fodya kapena soya, mtsikana aime pa sikelo, alembe makilo, awerengere ndalama.

Posankha anthu okaphunzira kukonza mjigo, tisankhe amayi ndi atsikana.

Akafika m'makalasi omaliza a sekondale, pamene ana amasankha njira, tisamuopseze. Akafuna masamu, fizika, kimika ndi biolojia, timuuze kuti: pita, mwanangu, ife tili pambuyo pako.

Ife tabwera ku sukulu tili ndi imvi. Tagwira pensulo ndi zala zolimba ndi khasu, anthu ena akutiseka. Sitinabwerere m'mbuyo. Nkhondo yolimbana ndi umbuli siinathe, ndipo siidzatha ngati ana athu aakazi atsala panja. Mtsuko autule, atenge buku. Tsiku lina mjigo ukadzafa, tisadzayang'ane kumseu. Tidzaitane mwana wathu.

Tikambirane

1. Pakhomo panu, mtsikana amagwira nchito zingati akaweruka ku sukulu? Nanga mnyamata?

2. M'mudzi mwanu, ndi atsikana angati amene anafika kalasi 9? Enawo anasiya cifukwa ciani?

3. Amayi ena ali ndi matumba 8 a cimanga, lililonse la makilo 50. Wogula akupereka mametikali 15 pa kilo. Alandira ndalama zingati? Mukawerengere funso limeneli pamodzi ndi mwana wanu wamkazi.