Nthomba sinathe yokha

Pali uthenga umene wakhala ukuyenda pa WhatsApp, ndipo tsopano ukukambidwa ngakhale m'makomboni a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Akuti nthomba sinathe chifukwa cha katemera. Akuti inazilala yokha anthu atayamba kusamba ndi sopo, kumwa madzi abwino ndi kukumba zimbudzi, ndipo azungu anangopezerapo mwayi wotamanda singano yawo. Uthengawu umathera pouza mayi kuti asavutike kupita ndi mwana kusikelo. Ife tikuukana, ndipo umboni wathu uli m'mbiri ya mabanja a m'boma lomweli, amene kwa zaka zoposa zana akhala akudutsa malire kufunafuna ntchito.

Tiyambe ndi matendawo. Nthomba sinali ngati kolera, imene imabwera ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa. Kachilombo kake kankachoka kwa wodwala kupita kwa amene ali naye pafupi kudzera mumpweya, malovu ndi zofunda za munthu wa zilonda. Mtundu wake woopsa unkapha pafupifupi atatu mwa odwala khumi aliwonse, ndipo ambiri opulumuka ankatsala ndi zipsera kumaso, ena osaonanso. Chimbudzi sichitchinga mpweya. Mu 1972 dziko la Yugoslavia, limene linali ndi zipatala ndi mipopi m'mizinda yake, linalandira nthomba kudzera mwa munthu mmodzi amene anadzera ku Iraq. Anthu 175 anadwala, 35 anamwalira, ndipo mliriwo unaima boma litatemera anthu pafupifupi 18 miliyoni m'masabata owerengeka. Ku India kunali odwala oposa 180,000 m'chaka cha 1974 chokha, koma pofika pakati pa 1975 nthomba inali itatheratu. Palibe amene anganene moona kuti midzi yosauka ya m'chigawo cha Bihar ku India komweko inalandira madzi ndi zimbudzi m'chaka chimodzi. Chimene inalandira ndi anthu oyenda khomo ndi khomo, kufufuza wodwala, kumupatula, ndi kutemera onse omuzungulira.

Tsono taganizirani za Thyolo wa nthawi imeneyo. Tiyi wa ku Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa anakula ndi thukuta la mabanja, ambiri a iwo Alomwe, amene makolo awo anachoka ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwira thangata kuno. Abale awo ena anatsala kutsidya, ndipo maliro, maukwati ndi njala zinkawayendetsa uku ndi uku osafunsa chilolezo cha wina. Njanji ya ku Beira inkadutsa pa Luchenza ndi Sandama. Amuna ena ankakwera Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ena ankatenga mkazi ndi ana kukakhala m'mapulazi a fodya ku Rhodesia, kumene ambiri anasanduka machona. Banja lotere linkagona m'kachipinda kamodzi, khoma limodzi ndi banja la dziko lina, ndipo mwana wa mmodzi akatuluka nthomba ana a mzere wonse anali pachiswe. Bambo wobwerera kumudzi ankatha kuyenda masiku khumi kapena kuposerapo ali bwinobwino kachilombo kali m'thupi, n'kudzagwa atafika pakhomo. Matenda oyenda chotere dziko limodzi silikanawathetsa palokha, ngakhale likanasesa bwanji mabwalo ake. N'chifukwa chake apaulendo ankafunsidwa chiphaso cha katemera wa nthomba pamalire, ndipo n'chifukwa chakenso bungwe la WHO mu 1967 linalimbikitsa ntchitoyi m'maiko onse nthawi imodzi, pamene matendawa anali akadali m'maiko pafupifupi 30 ndipo ankapha anthu ngati 2 miliyoni pachaka.

Zotsatira zake n'zimene uthenga wa pa WhatsApp sungazifotokoze. Zambia, Mozambique, Rhodesia, Malawi ndi South Africa anali maiko osiyana chuma, osiyana maboma, ena ali pankhondo, ena osalankhulana n'komwe, koma onse anathana ndi nthomba m'zaka zochepa zotsatizana, pakati pa 1968 ndi 1971, ndipo kuno kwathu odwala omaliza anapezeka mu 1971. Ukhondo ukanakhala ndiwo unachita zimenezi, Johannesburg akanatsogola ndi zaka makumi ambiri, ndipo makomboni a ku Thyolo, amene ena mpaka lero akulirira madzi abwino, bwenzi akudwalabe. Dziko la Botswana linasonyeza mbali inayo: nthomba italowako mu 1971 inafalikira pakati pa anthu osatemera, ndipo inachedwa kutha mpaka 1973, makamaka m'magulu ena achipembedzo amene ankakana katemera.

Pali zina zimene okana katemera amanena zoti sitingazikankhire kumbali. Agogo ena amakumbukira anthu amene anatemeredwa koma n'kudwalabe, ndipo sakunama. Katemera wakale anali wamadzi, ankafa ndi kutentha asanafike kumudzi, motero munthu ankakandidwa pamkono popanda chitetezo chilichonse. Zinthu zinasintha pamene kunabwera katemera wouma, wopirira kutentha kwa mwezi wathunthu, pamodzi ndi kasingano ka mphanda ziwiri kamene munthu wamba ankaphunzira kugwiritsa ntchito tsiku limodzi. N'zoonanso kuti katemera wa nthomba anali wolimba, ankatupitsa mkono, ndipo mwa anthu ochepa kwambiri ankabweretsa mavuto aakulu, ngakhale imfa. N'zoona kuti m'nthawi ya atsamunda zaumoyo zinkabwera ndi mesenjala ndi kapitawo, anthu omwewo a msonkho ndi thangata, moti kuthawira kuthengo kunali ndi chifukwa chake. Chikaiko chimenecho tikuchilemekeza, pakuti chinabadwa m'zowawa zenizeni. Koma nkhanza za wobweretsa mankhwala sizisintha mphamvu ya mankhwalawo, ndipo ngozi ya katemera ija itaonedwa kuti ilibenso chifukwa, katemerayo anasiyidwa. Achinyamata a lero amene ali ndi chipsera pamkono adziwe kuti chimenecho n'cha katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu. Wa nthomba sanabayidwe, chifukwa Ali Maow Maalin, wophika pachipatala cha ku Merca m'dziko la Somalia, amene anadwala mu Okutobala 1977, ndiye anali womaliza kuitenga mwa kupatsirana kwa masiku onse, ndipo pa 8 Meyi 1980 msonkhano waukulu wa WHO unalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse.

Ena amafunsa kuti ngati katemera ali ndi mphamvu chotere, bwanji malungo ndi kolera zilipobe. Nthomba inkakhala mwa munthu yekha, inalibe udzudzu kapena chithaphwi chobisalamo, ndipo wodwala ankaonekera poyera. Kolera imafunadi madzi abwino ndi zimbudzi, ndipo eni maesiteti ndi boma tiwakumbutsabe za udindo umenewo mosatopa. Koma kuuza mayi kuti sopo alowa m'malo mwa katemera wa chikuku kapena poliyo n'kuika mwana wake pangozi.

Mabanja a ku Thyolo akuyendabe. Ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ena amabwera kuchokera kutsidya nyengo ya mvula tiyi akachuluka. Mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wa mtundu umene unachokera ku Pakistan, ndipo chaka chomwecho ana ena anapezeka nawo m'chigawo cha Tete. Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe anatemera ana mamiliyoni ambiri, alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo, ndipo mu Meyi 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha. Tikupempha zipatala za m'maesiteti, cha Malamulo ndi cha boma ku Thyolo kuti mwana aliyense wogona m'komboni azilandira katemera, kaya makolo ake ndi aganyu a miyezi itatu, kaya alibe chiphaso cha dziko lino.