Khomo la Mphakati

Tonse tikumudziwa wina amene analeka kupita kutchalitchi. Mulungu sanamukane ayi. Anangotopa ndi maenvelopu a zopereka sabata ndi sabata, miseche ya pabenchi, komanso mtsogoleri amene anamulakwira osapepesa.

Kwathu ndaona kuti chimene chimawabweza anthu otere si ulaliki, koma mphakati. Zovuta zagwa pakhomo, a mphakati atulukira ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo, achezera pasiwa usiku wonse, osafunsa kuti munasowera kuti zaka zonsezi. Miphakatiyi, imene maepiskopi a bungwe la AMECEA anaivomereza mu 1973, ndi yaing'ono ndithu: mabanja owerengeka, mphasa pakhonde.

Mnzanga wina wayambanso kukhala nawo pamphasapo madzulo. Za kuparishi, akuti mumudikire kaye.