Lekani kunamiza masapota, ligi sitengedwa ndi changu

Sizoni iliyonse ikamayamba, akuluakulu a matimu athu amaitana atolankhani, n'kundandalika osewera atsopano khumi atavala yunifomu yonyezimira, kenako n'kulengeza kuti chaka chino chikho chikubwera kunyumba. Ikangotha ndime yoyamba ya ligi timu ili pa nambala 6, kochi uja mumva kuti wapita, ati agwirizana zosiyana mwamtendere. Chaka chotsatira ayambiranso pomwepo, ndi kochi wina, osewera ena, lonjezo lomwe lija. Ife tikuti chimenechi n'chinyengo, ndipo amene akuchichita akudziwa bwino lomwe kuti akunamiza anthu.

Timu yomwe yagwa imafuna nthawi yaitali bwanji kuti iyambenso kulimbirana ligi? Mbiri ya mpira wathu womwewu ikuyankha. Bullets, yotchedwanso Maule, inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana kuchokera mu 1999 mpaka 2005, ndipo mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League ikuphunzitsidwa ndi Kinnah Phiri. Thandizo la a Bakili Muluzi litatha, Maule sanachigwirenso chikho cha ligi mpaka 2014. Manoma anatenga ligi mu 2006, n'kudzaitenganso mu 2017. Silver Strikers inasangalala mu 2013, kenako kunali zii mpaka 2024. Awatu ndi matimu atatu aakulu m'dziko muno, okhala ndi masapota ambiri ndiponso ndalama zoposa anzawo, koma ina inadikira zaka 9, enawo zaka 11.

Musaganize kuti zaka zonsezo ankamanga timu. Zambiri zinathera kugumula zomwe anayamba dzulo lake. Timu ikagwira njira imodzi popanda woisokoneza, zaka zinayi kapena zisanu zimakwana, ndipo masapota athu, omwe Loweruka lililonse amadzaza malo oonetsera mpira wa ku England, umboni wake anauona ndi maso awo. Jürgen Klopp anafika ku Liverpool mu Okutobala 2015. Sizoni imeneyo timuyo inathera pa nambala 8, ziwiri zotsatira pa nambala 4. Mu 2019 inapeza mapointi 97 koma n'kuthera pa nambala 2, ndipo ligi inadzabwera mu 2020, patatha zaka 30 chiitengere komaliza. Mikel Arteta anatenga Arsenal mu Disembala 2019, n'kuthera pa nambala 8 kawiri, kenako pa 5, asanayambe kupumira m'khosi Manchester City. Kuno kwathu onse awiriwo bwenzi atapatsidwa kalata chaka chachiwiri chisanathe, mwinanso masapota atawatsekera geti kumalo ochitira zokonzekera.

Ofuna kuona mapeto a changu ayang'ane Manchester United. Alex Ferguson anafika mu Novembala 1986, chikho chake choyamba chinabwera mu 1990, ligi mu 1993. Chichokereni iye mu 2013, timuyo yadutsa m'manja mwa David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær, Erik ten Hag ndi ena, aliyense n'kugula osewera ogwirizana ndi kaseweredwe kake, wobwera pambuyo n'kuwapeza osamuthandiza. Ndalama zapita zankhaninkhani, koma sizoni ya 2024/25 inathera pa nambala 15. Ngati thumba la ku Old Trafford lalephera kugula nthawi, nanga timu yodalira ndalama zapageti pa Kamuzu Stadium ingathe bwanji?

Ena atiuza za Kamuzu Barracks, yomwe inadzidzimutsa dziko potenga ligi mu 2016, chaka chomwecho Leicester City inachita zomwezo ku England. Inde zinachitika, ndipo ulemu wawo tiwapatse. Koma onse awiriwo sanabwerezenso.

Chitsanzo choyenera kuchiphunzira chili ku Blantyre konkuno. Anthu amakonda kunena kuti Kalisto Pasuwa ndiye anasintha Bullets, ndipo n'zoona kuti munthuyu amaudziwa mpira, poti anali atatenga kale ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos ya ku Zimbabwe. Koma pomwe ankafika chakumapeto kwa 2018 anapeza timu ili kale pamwamba. Maziko anali atakumbidwa iye asanabwere, pamene Nyasa Manufacturing Company inalowa ndi thandizo lake n'kudzatenga umwini wa timuyo, osewera n'kuyamba kukhala ndi malipiro odalirika, timu yachisodzera n'kusamalidwa ngati nazale yeniyeni. Kumeneko n'komwe kunachokera anyamata ngati Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma. Chimene Pasuwa anapatsidwa, chomwe makochi anzake ambiri samachilawa, ndi zaka zogwirira ntchito. Zotsatira zake ndi ligi zisanu zotsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zikho zonse zinayi, ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Otsutsana nawo ankangoti Maule ali ndi mwayi, ena n'kumanong'ona za mankhwala, m'malo mokaona momwe ana amaleredwera kumeneko.

Masapota, inunso mlanduwu ukukukhudzani. Mumafuna timu yosewera mpira wooneka, koma mnyamata wa zaka 19 akangophonya chigoli kamodzi mumamutukwana mpaka makolo ake, ndipo kochi pofuna kuteteza ntchito amabwerera kwa akamuna otopa omwe azungulira matimu anayi. Mumaguba kukakamiza komiti kuchotsa kochi timu ikagonja masewero atatu, komiti yamantha n'kukumverani pofuna mavoti anu pachisankho chikubweracho. Kukonda timu sikukupatsani udindo wosankha osewera olowa m'bwalo.

Koma tisamveke ngati tikupereka pobisalira kwa olephera. Mawu akuti tikumanga timu asanduka chishango cha akuluakulu ena omwe palibe chomwe akumanga. Timu yomangidwadi imaoneka ngakhale isanatenge chikho. Pofika chaka chachiwiri kaseweredwe kake kamadziwika, osewera odalirika samachoka sizoni iliyonse, achisodzera awiri kapena atatu amakhala atalowa m'timu yaikulu, ndipo chaka chachitatu imakhala ikununkhira malo anayi apamwamba. Koma ngati osewera akunyanyala chifukwa cha malipiro a miyezi itatu, ngati kontirakiti ya kochi ndi ya chaka chimodzi, ngati timu yachisodzera ilipo papepala pokha pofuna kupeza laisensi, pamenepo musatiuze za kudekha.

Choncho komiti iliyonse yomwe ikuti ikumanga timu iime pamsonkhano wake wapachaka n'kunena poyera kuti ikufuna zaka zingati, chaka chilichonse ifika pati, ndipo ndalama zake zichokera kuti. Kochi amene yamusankha imupatse kontirakiti ya zaka zitatu, ndipo ikamuchotsa nthawi isanakwane, amene anamulemba ntchito ayankhe nawo. Mabungwe oyendetsa mpira a FAM ndi SULOM nawo asiye kuchita manyazi ndi matimu aakulu. Malamulo a laisensi amafuna kuti timu ikhale ndi achisodzera, ndiye pitani mukawawerenge anawo pabwalo, mukaone amene akuwaphunzitsa, musanasaine chikalata chilichonse.